Kuchulukitsa mayina m'Chingerezi: pomwe lamulo la s limathera

Taonani chiganizo ichi, chomwe chimapezeka m'makalata ambiri opempha thandizo: *We need new equipments and furnitures for our staffs.* Aliyense wodziwa Chingerezi amva zomwe wolemba akufuna, koma wochonga mayeso a MSCE adzajambulapo mizere itatu yofiira. Wolembayo sanachite ulesi. Watsata lamulo lomwe anaphunzira ku pulayimale, lakuti zinthu zikakhala zambiri timaika *s* kumapeto kwa dzina. Zipangizo n'zambiri, mipando ndi matebulo n'zambiri, ogwira ntchito ndi ambiri. Vuto n'lakuti lamulolo silifika pa mayina onse, ndipo mukayang'ana mawu oti *equipment* simuona chilichonse chokuchenjezani kuti apa ndiye musaike. Dzina la Chingerezi silidziwika ndi maonekedwe ake. Limadziwika ndi mawu omwe limalola kuima nawo pafupi.

Tiyambe ndi *s* yemweyo, popeza naye ali ndi nkhani yake.

M'Chichewa kuchuluka sikubisika. Nenani kuti "Chipewa changa chatsopano chija chagwa", kenako muchulukitse: "Zipewa zanga zatsopano zija zagwa." Mawu onse asanu asintha, ndipo asinthira kumayambiriro, komwe khutu limayamba kumva. Ngakhale phokoso litakusokonezani pa mawu oyamba, anayi otsalawo akuuzani kuti zipewazo n'zingapo. Chingerezi chimati *My new hat fell* ndi *My new hats fell*. Kusiyana konse kwagona pa kalembo kamodzi kakumchira, pamalo pomwe lilime lathu silinazolowere kuimapo, chifukwa mawu athu amathera ndi a, e, i, o kapena u. N'chifukwa chake pa mawu monga *desks*, *months* ndi *texts* ambiri timameza *s*, ndipo chomwe pakamwa pameza, cholembera nacho chimasiya.

Kalemboka kamatchulidwa m'njira zitatu, ndipo mawu omwe tinabwereka ku Chingerezi anasunga zitatu zonsezo. Tchipisi ndi *chips*: dzina likathera ndi p, t, k kapena f, kumamveka s weniweni. Banzi ndi *buns*: anthu oyamba kugula mabanzi anamva z chifukwa z ndi amene ankatchulidwadi, ngakhale polemba amalemba s. N'chimodzimodzi ndi *dogs*, *bags*, *cars* ndi *boys*. Gwirani pakhosi, mutchule sss kenako zzz, mumva kuti pa z kholingo limanjenjemera. Dzina likathera ndi liwu lonjenjemeretsa kholingo, s wake amasanduka z. Machesi ndi *matches*: dzina likathera kale ndi s, z, sh, ch kapena liwu la j, pamawonjezeka phatikizo lathunthu, monga *buses*, *churches*, *judges*.

Mwana wobadwira m'Chingerezi saphunzitsidwa zimenezi. Mu 1958 Jean Berko, wofufuza za chiyankhulo ku America, anaonetsa ana azaka zapakati pa 4 ndi 7 chithunzi cha kanthu kooneka ngati mbalame n'kuwauza kuti dzina lake ndi *wug*, mawu omwe anangopeka yekha. Atawaonetsa tiwiri, ana ambiri anati *wugs*, motchula z, ngakhale anali asanamvepo mawuwo. Lamulo linali litakhazikika kale m'mutu mwawo, monga momwe mwana wa kwathu amadziwira kuti chochulukitsa cha chitseko ndi zitseko asanalowe m'kalasi.

Mayina okana lamulo

*Men*, *feet*, *children*, *sheep*, *knives*: aphunzitsi ambiri amangoti lowezani. Kuloweza n'kofunikadi, koma kumaphweka mukadziwa kumene mawuwa anachokera.

Zaka 1,000 zapitazo Chingerezi chinali ndi magulu angapo a mayina, gulu lililonse ndi kachulukitsidwe kake, monga ife tili ndi Mu-A, Mu-Mi, Chi-Zi ndi ena aja. Gulu lina linkathera ndi -as: mwala unali *stan*, miyala *stanas*. Lina linkathera ndi -an: *oxa*, *oxan*. Lina linkasintha liwu la m'kati: *fot*, *fet*. Lina silinkasintha konse. Pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi 1500 mathero a mawu anafooka, ndipo gulu la -as linameza pafupifupi magulu ena onse n'kusanduka *s* wa lero. Buku linali *boc*, mabuku *bec*. Lero ndi *books*. Maso anali *eyen*, nsapato *shoon*. Lero ndi *eyes* ndi *shoes*. Omwe anapulumuka ndi mawu otchulidwa tsiku ndi tsiku, oti mwana amawamva asanaphunzire lamulo. Osintha liwu la m'kati atsala asanu ndi awiri okha: *man*, *woman*, *foot*, *tooth*, *goose*, *mouse* ndi *louse*. A gulu la -an kwatsala *oxen*, ndipo *brethren* womveka kutchalitchi anatengera -en wake ku gulu lomweli pambuyo pake.

*Children* ndi wochulukitsidwa kawiri. Kale ana anali *cildru*, kenako *childer*. Anthu atasiya kumva kuti -er uja akuchulukitsa, anawonjezapo -en. Ifenso tinachita zomwezo ndi mabanzi: *s* wa Chingerezi ali kale mu banzi, ife n'kuikaponso ma- wathu.

*Sheep* ndi *deer* asakuvuteni, ali ngati mbuzi, nkhuku ndi nyumba kwathu kuno. Mbuzi yafa, mbuzi zafa. *The sheep is dead*, *the sheep are dead*. Mneni ndi amene akuulula. *Knife* amakhala *knives*, *leaf* amakhala *leaves*, chifukwa m'Chingerezi chakale f akagwera pakati pa malembo a liwu ankatchulidwa v. Mawu omwe analowa mochedwa kuchokera ku Chifalansa, Anomani a ku Normandy m'dziko la France atalanda England mu 1066, sanatengere zimenezi, ndiye tili ndi *chief* ndi *chiefs*.

Palinso mawu a ophunzira, obwerekedwa ku Chilatini ndi Chigiriki pamodzi ndi kachulukitsidwe kake: *criterion* ndi *criteria*, *phenomenon* ndi *phenomena*, *crisis* ndi *crises*, *analysis* ndi *analyses*. Kulemba *a criteria* mu lipoti n'kulakwitsa. Koma ena mwa mawuwa anayenda n'kuiwala kwawo. *Agenda* m'Chilatini ndi zinthu zambiri zoyenera kuchitidwa, koma lero aliyense amati *the agenda is long*, ndipo *agendas* n'ngololedwa. *Data* akadali panjira: asayansi ena amalemba *the data are*, anthu ambiri amati *the data is*, ndipo wogula bandulo pafoni saganizako n'komwe.

Zowerengeka ndi zosawerengeka

Apa ndi pomwe pagona vuto lenileni. Mayina okana lamulo aja ndi ochepa, mukhoza kuwaloweza sabata imodzi. Koma Chingerezi chimagawa mayina ake onse pawiri, owerengeka ndi osawerengeka, ndipo kugawaku kumakhudza pafupifupi chiganizo chilichonse chomwe mungalembe.

Poyamba zimaoneka zomveka. Madzi, mchenga ndi ufa siziwerengeka, ndiye *water*, *sand* ndi *flour* n'zosawerengeka. Koma yang'anani mawu awa awiriawiri. *Tools* amawerengeka, *equipment* ayi. *Chairs* amawerengeka, *furniture* ayi. N'chimodzimodzi *bags* ndi *luggage*, *facts* ndi *information*, *suggestions* ndi *advice*, *jobs* ndi *work*, *coins* ndi *money*. Ndalama timaziwerenga tsiku lililonse, koma mawu oti *money* sawerengeka. Kumunda nako: *beans* ndi *groundnuts* n'zowerengeka, *maize* ndi *rice* ayi, pamene njere ya chimanga ndi ya nyemba sizisiyana kwenikweni kukula. *Oats* amachulukitsidwa, *wheat* sachulukitsidwa, zonse zili mbewu zam'munda umodzi.

Choncho musadzifunse ngati chinthucho chingawerengedwe. Funso n'lakuti eni chiyankhulo anaika mawuwo mbali iti, ndipo nthawi zambiri palibe chifukwa chozama, ndi chizolowezi chabe. Chifalansa, chomwe chinabwereketsa Chingerezi mawu ambirimbiri, chimachulukitsa *informations* popanda vuto. Nsawawa za *peas* zinali zosawerengeka, zinkatchedwa *pease*. Anthu anamva ngati z wakumapetoyo akuchulukitsa, n'kudula mawu atsopano oti *pea*. Ife timati madzi, mafuta, malovu, zonse m'gulu la ma- ngati kuti n'zambiri, ndipo palibe amafunsa kuti limodzi la madzi n'chiyani. Timatinso malangizo, zipangizo, maumboni, ndipo m'mutu mukakhala ma- kapena zi-, dzanja limathamangira kulemba *advices*, *equipments*, *evidences*.

Dzina losawerengeka limadziwika ndi zomwe limakana. Silitenga *a* kapena *an*, ndiye palibe *an advice*. Silitenga nambala kapena *s*. Limayenda ndi *much*, *little* ndi *less*, pomwe lowerengeka limayenda ndi *many*, *few* ndi *fewer*. Ndipo mneni wake ndi wa chinthu chimodzi: *the furniture is new*, ngakhale mipando itadzaza nyumba. Mukafuna kuwerenga, mumabwereka dzina lina loti linyamule nambala: *a piece of advice*, *three pieces of equipment*, *an item of furniture*, *two loaves of bread*, *a bar of soap*. Izi si zachilendo kwa munthu amene amati mitanda itatu ya nsima, ndowa ziwiri za madzi, thumba la chimanga.

Chomwe chimasokoneza kwambiri n'chakuti mayina ambiri amakhala mbali zonse ziwiri, tanthauzo n'kumasintha. *I ate chicken* ndiye kuti mwadyera nyama ya nkhuku. *I ate a chicken* ndiye kuti mwamaliza nkhuku yonse nokha. *Paper* ndi pepala lolembapo, *a paper* ndi nyuzipepala kapena pepala la mayeso. *Glass* ndi galasi la pawindo, *a glass* ndi tambula, *glasses* ndi magalasi a m'maso. *Her hair is long* akunena tsitsi lonse la kumutu, koma *there is a hair in the relish* ndi kamodzi kamene kagwera m'ndiwo. *There is no room* ndi kusowa malo, *there are no rooms* ndi kutha kwa zipinda kumalo ogona alendo. Pa kalata yofunsira ntchito mumalemba *five years of experience*, chifukwa *experiences* ndi zomwe munakumana nazo m'moyo. Ndipo m'lesitilanti mukhoza kuitanitsa *two teas*, popeza aliyense akudziwa kuti mukuwerenga makapu.

*Staff* ali payekha. Ndi dzina la gulu lonse la ogwira ntchito, ndiye munthu mmodzi si *a staff* koma *a member of staff*. A ku Britain amati *the staff are on strike*, ngakhale *twenty staff*, popanda *s*.

Mawu ngati *equipments* ndi *furnitures* samveka ku Malawi kokha. Amamvekanso ku Nigeria, ku Kenya, ku India, ndipo akatswiri a ziyankhulo amawatenga ngati khalidwe la Chingerezi cha m'mayikowo, osati umbuli. Ine ndikuona kuti akulondola, chifukwa munthu amene wachulukitsa *equipment* watsata nzeru yomveka bwino kuposa amene anaika *tools* mbali ina, *equipment* mbali ina. Koma satifiketi ya MSCE situluka kwa amene walephera Chingerezi, ndipo wowerenga kalata yanu yofunsira ntchito amayeza ndi Chingerezi cha m'mabuku. Pamenepo mtsutso wa akatswiri sukuthandizani.

Mbali inayo kuli mayina omwe amangokhala ochulukitsidwa: *scissors*, *trousers*, *clothes*, *goods*. Thalauzi limodzi ndi *a pair of trousers*, osati *a trouser*, ndipo *my trousers are wet* ngakhale mwavala limodzi. Ena ali ndi *s* koma ndi chinthu chimodzi: *the news is bad*, *mathematics is hard*, *measles is dangerous*. Ena alibe *s* koma ndi ambiri: *the police are here*, *people are waiting*, *the cattle are grazing*.

Mneni ndi mwininkhani

Ife agwirizanitsi athu amabwereza chizindikiro chimodzi: zi-, za-, zi-. Chingerezi chimachita mosemphana. *The boy plays*, *the boys play*. Dzina likakhala ndi *s*, mneni alibe. Mneni akakhala naye, dzina lilibe. Wophunzira wozolowera Chichewa amafuna kufananiza, n'kulemba *the boys plays*.

Mneni amagwirizana ndi dzina lomwe ndi mutu wa mwininkhani, osati lomwe layandikana naye. *The price of tomatoes has risen*: wakwera ndi mtengo, osati matimati. *One of my friends is a nurse*: anzanu ndi ambiri, choncho *friends*, koma namwino ndi mmodzi, choncho *is*. *A number of pupils are absent* akunena ana angapo, *the number of pupils is falling* akunena chiwerengero. *Everybody* ndi *every* amatenga mneni wa munthu mmodzi ngakhale akunena khamu lonse. Ndalama, nthawi ndi mtunda zimatengedwa ngati mulu umodzi: *ten thousand kwacha is not enough*.

Pa mayina a magulu eni ake sagwirizana. Mvetserani owulutsa mpira a ku England: *Arsenal are leading*, *the team are tired*. Wa ku America anganene kuti *the team is tired*. Ku Britain zonse n'zololedwa, kutengera ngati mukuona gululo ngati chinthu chimodzi kapena ngati anthu ake. Chofunika n'kusasintha pakati pa chiganizo.

Nanga bwanji timati *you are* kwa munthu mmodzi? Chingerezi chinali ndi iwe ndi inu. *Thou* anali iwe, *ye* ndi *you* anali inu, ndipo Baibulo la King James la mu 1611 limasiyanitsa zimenezi. Anthu anayamba kutchula munthu mmodzi wolemekezeka kuti *you*, monga timachitira ndi inu, mpaka *thou* anayamba kumveka wachipongwe ndipo m'zaka za m'ma 1600 anazilala m'Chingerezi cha onse. Mneni wa anthu ambiri anatsalira pomwepo. Koma ulemuwu sunafike pa munthu amene mukumunena. "Abambo abwera" ndi *my father has come*, ndipo *has* ameneyo sakunyoza aliyense.

Mitundu isanu ndi itatu ija

Tonse tinaloweza: dzina, mlowam'malo, mneni, mfotokozi, muonjezi, mperekezi, mlumikizi, mfuwu. Mndandandawu sunapangidwire Chingerezi. Unachokera ku galamala ya Chigiriki yomwe amati analemba Dionysius Thrax, wophunzira wa ku Alexandria, cha m'ma 100 Yesu asanabadwe. Aroma anaukonza kuti ugwirizane ndi Chilatini, ndipo popeza Chilatini chilibe mawu ngati *the*, anachotsa mtundu umenewo n'kuikapo mfuwu kuti nambala ikhalebe 8. Afotokozi kwa zaka mazanamazana ankawerengedwa ngati mayina. Aphunzitsi a ku England anatengera za Chilatinizi, ndipo n'chifukwa chake *the*, mawu otchulidwa kwambiri m'Chingerezi chonse, amasowa malo enieni pa mndandandawo. Mabuku akale amawaponya kwa afotokozi. Akatswiri a lero amaika *the*, *a*, *this*, *my*, *some*, *much* ndi *many* m'gulu lawolawo lotchedwa *determiners*, mawu otsogolera dzina. Mndandanda womwewu utafika pa Chichewa unapezanso kuti mvekero, mawu ngati mbuu, psuu ndi zii, ulibe bokosi lake.

Tanthauzo lija loti dzina ndi mawu otchulira munthu, malo kapena chinthu limathandiza mwana wa Sitandade 5, koma silipita patali. *Arrival* ndi kufika, chochitika, koma ndi dzina. *Happiness* sungamugwire. Njira yodalirika ndi kuyesa mawuwo. Kodi angatsogoleredwe ndi *the* kapena *my*? Kodi angakhale mwininkhani? Kodi mungawalowetse pa mpata uwu: *The ... was good*? Akalowa, ndi dzina.

Mawu a Chichewa amavala yunifolomu, a Chingerezi amayenda m'zovala wamba. Kuchokera ku lima timapeza mlimi, ulimi, kalimidwe, ndipo aliyense akuoneka ntchito yake musanamuike m'chiganizo. Koma *farm* ndi munda, ndiponso ndi kulima. *Water* ndi madzi, koma mu *water the garden* ndi kuthirira. Mumatha kunena *book a seat*, *chair a meeting*, *text me*. *Round* yekha amagwira ntchito zisanu: mfotokozi mu *a round table*, dzina mu *the second round*, mneni mu *round the corner slowly*, mperekezi mu *walk round the house*, muonjezi mu *turn round*. Funso la mayeso loti *round* ndi mtundu wanji wa mawu lilibe yankho pokhapokha pali chiganizo. Izi zinatheka chifukwa cha kufooka kwa mathero kuja: mayina ndi aneni atataya michira yowasiyanitsa, ntchito inatsalira kwa malo omwe mawu aima.

Pena katchulidwe kamathandiza. *Record*, *produce*, *export* ndi *present* akakhala mayina, mphamvu imagwera pa phatikizo loyamba. Akakhala aneni, pa lachiwiri. Pena kalembedwe: *advice* ndi dzina, *advise* ndi mneni, ndipo m'Chingerezi cha ku Britain chomwe masukulu athu amatsata, *practice* ndi dzina, *practise* ndi mneni.

Dzina limathanso kufotokoza dzina linzake, ndipo apa nambala imabweranso. Ife timayamba ndi mutu: woyendetsa basi, sitolo ya nsapato. Chingerezi chimaika mutu kumapeto, *bus driver*, *shoe shop*, ndipo *s* amapita pa mutupo: *bus drivers*, *shoe shops*. Dzina loyambalo kawirikawiri limakhala lopanda *s* ngakhale nsapato zitadzaza mashelefu. Ndi lamulo lomweli lomwe limapereka *a ten-year-old girl* ndi *a five-kilometre road*, pomwe pena timati *she is ten years old*. Mutu ukakhala koyamba, *s* amautsata komweko: *mothers-in-law*, *passers-by*. Kachizindikiro kaumwini ('), kotchedwa *apostrophe*, ndi nkhani ina: *the girl's books* ndi a mtsikana mmodzi, *the girls' books* ndi a atsikana angapo, *the children's books* ndi a ana. Sikachulukitsa, ndiye *Tomato's for sale* pa chikwangwani n'kulakwitsa, ngakhale ogulitsa m'misika ya ku England nawonso amadziwika nako.

Popeza mawu saonetsa okha mbali yawo, dikishonale ya ophunzira imawalembera. A. S. Hornby, mphunzitsi wa ku England yemwe ankaphunzitsa ku Japan, anaona kuti ophunzira ake, omwe chiyankhulo chawo sichikakamiza kusonyeza kuchuluka, ankapunthwa pamalo pomwepa. Dikishonale yomwe analemba ndi anzake inatuluka ku Tokyo mu 1942, Oxford n'kuisindikizanso mu 1948, ndipo ndi yomwe lero imatchedwa Oxford Advanced Learner's Dictionary. Mukaitsegula, kapena ina iliyonse yolembera ophunzira, mupeza chilembo C pa dzina lowerengeka ndi U pa losawerengeka, kapena mawu athunthu oti *countable* ndi *uncountable* mukamaiona pafoni. Ambiri timathamangira tanthauzo n'kudumpha zilembozi. Pa mawu ngati *paper* kapena *work*, omwe ali ndi matanthauzo angapo, yang'anani tanthauzo lililonse palokha, chifukwa loyamba likhoza kukhala ndi U, lachitatu n'kukhala ndi C.